Lilime la Amalume Stoffel

Kuno ku Ladysmith ukangotchula Amalume Stoffel Terblanche, munthu amayamba watulutsa lilime, kuseka pambuyo. Mkulu ameneyu ankanyambita njanji. Osati njanji zenizeni zimene anazikonza zaka makumi atatu, ayi, koma tinjanji ta masitima oseweretsa a m'shedi ya kalabu yawo, kuseri kwa tchalitchi.

Timasitima ta masiku ano tili ndi makani ake. Kalikonse kali ndi nambala yake, ndipo ukadina batani uthenga umayenda m'njanji momwemo pamodzi ndi magetsi, kukakauza kuti nyamuka, ima, liza hutala. Njanji ikada, kapena polumikizira pakakhwepa, uthengawo umafera m'njira, kasitima n'kungoti njo pakati pa mlatho anthu akuonerera. Apa m'pamene Amalume ankavula chipewa, n'kuwerama, lilime gwa pa njanji zonse ziwiri kuti amve ngati magetsi akudutsa.

"Apa pakuluma bwino," ankatero. Kusuntha pang'ono. "Apa pazizira ngati phala ladzulo. Bweretsani chowotcherera."

Amene ankafa nazo mtima ndi mnzawo a Selvan Moodley, amene anapuma pa ntchito yogulitsa mankhwala, munthu woopa majeremusi mpaka kutsegula chitseko ndi chigongono. Iwowa anali ndi mita yoyezera magetsi, yosungidwa m'nsalu ngati khanda.

"Amalume, mudzafa nazo izi. Mukudziwa kuti makoswe amayenda pamenepo?"

"Ndikudziwa, Selvan. Wadutsa apayu ndi wamng'ono, sanakhwime."

Sabata ya chionetsero cha timasitima ikafika, Amalume ankasala. Masamusa a Mayi Moodley, amene ena ankachita kulimbirana, iwo ankangonunkhiza n'kubweza mbale. Ati tsabola amagonetsa chipangizo.

Chaka china a Moodley anabwera ndi timasitima titatu tatsopano, osakumbukira kuti tonse timachoka ku fakitale ndi nambala imodzi. Atadina kamodzi, tonse titatu tinaliyatsa liwiro, kamodzi kakulunjika kumene mlatho unali wotukula. A Moodley anauma, manja ali m'mutu. Amalume, osadzuka n'komwe pampando, anangoponya supuni ya tiyi panjanji. Magetsi thi, zonse zii, kasitima kaja kataima chala chimodzi kuti kagwe pansi.

"Lilime ndi supuni, Selvan. Mita yakoyo ikanali kuganiza."

Amalume anatisiya m'nyengo yozizira. Patapita milungu iwiri, Mayi Hermien, akazi awo, anafika kushedi ndi kachitini ka fodya. Munali phulusa pang'ono la malemu, poti thupi lawo linawotchedwa, ndi mawu amene anasiya: moyo wawo wonse anakonza njanji kuti ena akwere, ndiye awakweze ulendo umodzi wokha kuzungulira tebulo lonse, kumbuyo kwa injini yawo yobiriwira, osaima paliponse. Woyendetsa akhale Selvan.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkatsika kwa a Moodley. Masiku atatu anapukuta njanji, anakwawa pansi pa tebulo kugwedeza mawaya, anayesa injini kakhumi. Inkayenda bwinobwino. Koma iwo ankazidziwa njanjizi kuti zimadikira alendo.

Loweruka shedi inadzaza, abale, abusa, ngakhale anzawo akale a kunjanji atavala majekete awo a ukwati. A Moodley anaika kachitini m'ngolo, nadina batani. Injini inanyamuka mwaulemu, inadutsa pasiteshoni, inawoloka mlatho, ndipo itafika pakhomo pa phanga loboola kaphiri ka patebulopo inaima.

Anaibweza poyambira. Inakaimanso pomwepo.

A Moodley anatulutsa mita, koma manambala ankangovina, osanena chenicheni. Abusa anatsokomola. Wina kumbuyo ananong'ona kuti angoikankha ndi chala, ndipo mawuwo anawalasa a Moodley ngati minga. Mnzawo wa zaka makumi awiri, kumukankha ndi chala?

"Bambo Moodley," anatero Mayi Hermien chapansipansi, "amuna anga aima panjira. Chochita mukuchidziwa."

A Moodley anayang'ana njanji ija. Anakumbukira makoswe. Anavula magalasi, napatsira abusa, n'kuwerama.

Poyamba panawaluma mpaka misozi. Anasuntha, panalumanso. Anasunthanso, mpaka mphuno kulowa m'phanga.

"Apa," anatero. "Pazizira ngati phala ladzulo."

Kanali kachitsulo kolumikizira njanji, katakhwepa ndi chisanu. Anakafinya ndi pulayala, nabweza injini poyambira. Ulendo uno Amalume analowa m'phanga, anatulukira mbali inayo, anazungulira phiri lonse mpaka kufika pasiteshoni osaima. Anthu ankaseka uku akupukuta m'maso, ndipo a Moodley anakhala pansi n'kulira poyera, osachita manyazi.

Kushedi timapitabe Lachinayi lililonse, koma mwazizira. Kasitima kakaima, tonse timacheukira kumpando uja tisanakumbukire kuti mulibe munthu. Tawasowa, tisaname. Chitseko a Moodley amatsegulabe ndi chigongono, koma mita ija ili m'dirowa. Sabata yatha inali ya chionetsero, ndipo akazi awo atabweretsa masamusa, iwo anangonunkhiza n'kubweza mbale.