Mwala wa Korali ndi Zidendene za Mlamu Wanga

Lolemba
Ba Mwansa, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Lusaka, akuti mwala wanga, umene ndinakaonetsa ana m'kalasi mwake, ndi laimu, mwala wamba wa njereza, wa pa akasupe otentha a Chinyunyu. Pamaso pa ana 43! Ine amene ndinagwira choko zaka 31! Mwalawu ndi korali, chigoba cha tizilombo ta m'nyanja ta kalekale. Malemu amuna anga anautola kugombe akuyendetsa lole. Uli ndi timizere tosonyeza mmene tizilomboto tinkakulira. Ndiwerenga timizere tonse, ndikamuonetse Lachisanu.

Lachiwiri
Zida: galasi lokuza zinthu, singano, magalasi anga awiri. Ndafika pa 212, mlamu wanga Esinati akufunsa komwe kuli mchere. Ndayambiranso kanayi. Mayankho: 212, 230, 198, 230. Ndasankha 230.

Lachitatu
Buku likuti chigoba chenicheni chimachita thovu ndi viniga. Madontho asanu, thovu lambiri! Ndatumiza uthenga kwa Ba Mwansa. Yankho: "Amayi, laimu nayenso amachita thovu." Mwano! Komanso viniga wadya timizere 26.

Lachinayi
Ndautsuka, ndauyanika pamwala wa kubafa. Mphindi 40 zokha. Esinati akutuluka akumwetulira: "Mulamu, kamwala aka mwanibisila zaka zonsezi? Onani mang'a yasila!" Wakwechera zidendene mwala wanga, akuti ming'alu yatha! Korali wapirira pansi pa nthaka zaka zosawerengeka, koma mapazi awiri amutha. Kwatsala timizere 61.

Lachisanu
Ndapitabe kusukulu, masitepe 1,904. Ba Mwansa akuutembenuza, akuununkhiza. "Ukununkha sopo, amayi." Ana 43 aseka, kupatula awiri. Ndati timizere tinalipo, ndinatiwerenga ndekha. Akufunsa mboni. Mboni ndine! Sindipepesa.

Loweruka
Esinati walengeza kukwaya za mwala wokwechera zidendene. Amayi asanu ndi awiri pakhomo, aliyense ndi kansalu kake. Ndakana kasanu ndi kamodzi. Wachisanu ndi chiwiri ndi amake a m'busa, ndipo zidendene zawo zikumvetsadi chisoni. Kwatsala 9.

Lamlungu
Ndayang'ana ndi magalasi onse awiri. Palibe kamzere ngakhale kamodzi. Wasalala ngati dzira. Ba Mwansa andipatsa moni kutchalitchi mwaulemu wonse, ndipo zandiwawa kuposa kuseka kuja. Umboni watha, sindibwereranso kukalasi kwake. Masana ndatenthetsa madzi, ndakhala pampando, ndayesa nanenso. Ming'alu 14 kumanzere, 11 kumanja. Ukukwecha bwino kwambiri. Laimu sangakweche chonchi.