Tinati Tipite Awiri Kukaona Zidole

Lolemba
Loweruka ndili ofu! Mwana wanga Tadala masiku ano ndimangomuona kumsana: ine ndikulowa kuchokera ku shifiti, iye akutuluka kupita kusukulu. Ndikamufunsa za moyo, yankho ndi "fine, Dad", basi. Mwana akunditayika ndikuona. Kuseri kwa Wigston, tauni yapafupi nafe kuno kunja, kuli kamyuziyamu ka zidole zakalekale, ka mdala wina. Pulani: ine ndi iye, awiriwiri. Wavomera. Maso ali pa foni, koma wavomera.

Lachiwiri
Pakamwa pangapa! Pa buleki ndangowauza a Mwale, anzanga akuntchito, kuti Loweruka ndikutuluka ndi mwana. "Zidole? Nanga anyamata anga atsalirenji?" Munthu ungayankhe chiyani? Ndati bwerani.

Lachitatu
A Mwale aponya nkhaniyi pa gulupu ya kutchalitchi. Mayo ine! Obwera:
- a Phiri a ku Corby, banja lonse
- anti Bwalya, nesi wa ku Zambia uja, akuti "na ine nizabwela"
- a dikoni, amene akufunsa ngati kuli malo opempherera

Wina walemba kuti ine ndine tcheyamani wa ulendo. Tcheyamani!

Lachinayi
Ndaimbira mwini myuziyamu. Akuti zipinda zilipo ziwiri zokha, ndipo kudyera m'katimo ayi. Pa gulupu azimayi agawana kale: mpunga, nkhuku, mandazi. Ndalemba uthenga wowachenjeza, ndafufuta. Ndatumiza woti "Ambuye akudalitseni".

Lachisanu
Tadala wapeza mapoto a anti Bwalya m'khitchini. "Dad, you said just us." Wakwera kuchipinda, chitseko wachimenyetsa. Zandipweteka, chifukwa akunena zoona. Koma kuwauza anthu akuluakulu kuti musabwere, ndiyambire pati? Mawa ndingomukokera pambali, tiziyenda patokha. Zitheka.

Loweruka
Galimoto ndondondo ngati tikupita kuchinkhoswe. Mdala wa myuziyamu kukamwa yasa. A dikoni apemphera pakhomo, mvula ikutiwaza. M'kati kuthithikana. Ana azungulira kamodzi, atuluka kukakhala pa mafoni. Akuluakulu ndiye kutuluka toto!

Anti Bwalya aima pa chidole chotseka maso ukachigoneka, akupukuta misozi. Akuti chawo chinali chitsononkho cha chimanga, ankachibereka kumbuyo. A Phiri ndi a Mwale akunyoza timagalimoto tamalata, eti zawaya zimene ankapanga iwo zinkakhota bwino kuposa izi.

Ndiye sitima yachidole. Ukadina batani imazungulira, kulowa m'phanga, kutuluka nyali ikuyaka. Yofanana ndendende ndi imene ndinkaiyang'ana pawindo la sitolo ku Limbe ndili mwana, mphuno pagalasi, mpaka mlonda kundipirikitsa. Ndagwada. Ndadina. Ndadinanso. A dikoni akuti, "A tcheyamani, tipatseniko mpata."

Pomwe ndikukumbukira kuti ndabwera ndi mwana, anthu amaliza mpunga panja, Tadala ali yekha m'galimoto. Njira yonse yobwerera wangoyang'ana kunja pawindo. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Kutchalitchi andiombera m'manja. Ulendo wotsatira ndikonzenso ndine, atero a dikoni. Ndangogwedeza mutu, nditani nanga.

Kunyumba ndapepesa. Tadala wangondionetsa vidiyo: bambo wa imvi, mawondo pansi, akuchita "chuku chuku chuku" ndi pakamwa. Akuti anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, ine osacheuka. Waseka pang'ono, kenako wasiya. M'Chichewa chake chopindikacho: "Dadi, inu simunakhale na toy?"

Ndati ayi mwanawe, sindinakhale nayo.

Vidiyoyo wati safufuta. Za ulendo wina wa awiri, wati aganiza kaye. Sindinamukakamize. Ndapita kukasita yunifolomu ya mawa.