Kachisi wa Apongozi Anga ku Ndake

Mpaka lero ndikamva thadzi likutetera, manyazi amandigwira.

Anali masiku a chipani chimodzi aja, munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinali nditangokwatira ku Ndake, ndikukhala chikamwini kwa apongozi anga, a Mwanza. Ndinakulira pamishoni, ndiye mavesi ndinkawadziwa kuposa khasu. Nditamva kuti mvula ikachedwa a Mwanza amathira nsembe kwa makolo, magazi anawira.

"Mwabwela mailo, dzulodzuloli, lelo mufuna kuweluza mudzi?" anandichenjeza mkazi wanga. Sindinamve (mkamwini wa milungu itatu, wopanda ngakhale mbuzi, koma nzeru zophunzitsa akulu zinali tho).

Tsiku lina onse ali kumunda wa thonje, ndinapeza kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe. Kachisi ndinali ndisanamuonepo chibadwire, koma ndinati ndi yemweyu basi. Ndinayambitsa nyimbo, n'kukankha ndi phazi. Kanagwa. M'menemo munavumbuluka thadzi, n'kundijompha pamsongolo. Pobwerera m'mbuyo ndinaterereka, n'kukhalira mazira onse, phwa!

Kucheuka, a Mwanza ali chiimire, khasu paphewa. Mumtima ndinati banja lathera pano, andipatsa mphasa yanga ndizipita.

Iwo anangokhala pachitsa. "Apongozi, nkhuku yanga yachimwa chani?"

Ndinafotokoza, kabudula akudontha. Sanakalipe.

"Kachisi ali kumtsinje. Mukanafunsa, nikanakupelekezani. Nanga kwanu kutchalitchi mumati bwanji za anthu akufa? Niuzeni, nimveleko."

Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka, iwo akufunsa, ine ndikuyankha. Kenaka anandiuza kuti pothira nsembe amatchula amayi awo, omwe anamwalira chaka cha njala atawasiyira ana chakudya chawo. Apo mavesi anandithera. Ndinamva chisoni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafunsa funso m'malo molalikira.

Pa za chipembedzo sitinagwirizane mpaka iwo kumwalira. Koma Lamlungu lililonse ankandibwereka njinga yawo kuti ndisachedwe kutchalitchi, ine ndikaphika tiyi ndinkayamba kuthirira iwo. Kanyumba kaja ndinamanganso ndekha, mudzi wonse ukuonerera, azimayi akuseka m'zitenje.

Ndinaphunzira kufunsa phazi lisananyamuke. Apongozi anandikhululukira tsiku lomwelo, mkazi wanga patatha mlungu. Thadzi lokha linalowa mumphika lisanandikhululukire.