Tsiku Limene Ndinazula Fulashi Pamaso pa Kwaya

Mukadzamva a kwaya ya kwathu ku Fonte Boa akunditchula kuti "a Zulani", musawafunse chifukwa. Amakokomeza. Bola ndikuuzeni ndekha.

Ndinali ndi komputadori ya m'manja imene achimwene anga a ku Tete anaitaya kwa ine. Inafa kalekale, moti mayi a kunyumba ankavundikira nayo dengu la nyemba. Tsiku lina alamu anga a Filomena, amene ndi profesora, mphunzitsi wa sukulu, ku Ulongwe, anabwera kudzationa. Ataiona anaipukuta fumbi, natulutsa fulashi m'chikwama, n'kuibaya m'mbali.

Abale inu, chinthu chija chinadzuka! Galasi linawala, tizithunzi tinandandalika, kamuvi kakuthamanga ngati kamwana.

"Iyi ndi Linuksi," anatero alamu. "Ilipo ya mitundumitundu, koma nkhalamba ngati yanuyi imafuna yopepuka."

"Amagulitsa kuti?"

"Sagulitsa. Anthu a m'maiko osiyanasiyana amaikonza mothandizana, n'kumapereka ulere. Mukafuna mugawirenso anzanu."

Ndinakhala pansi. Kuno munthu akakubwereka khasu amakukumbutsa ngakhale pamaliro. Koma taonani, anthu osandidziwa, osadziwa n'komwe kuti kuli Angónia, anakhala pansi n'kupanga chinthu choti chidzadzutse chivundikiro cha nyemba zathu.

Alamu anapitiriza: "Panopa ikungoyendera pa fulashipa, n'kulawa chabe. Musasungemo kanthu, fulashi ikachoka zonse zimafufutika. Mukaikonda ndidzabwera tidzailowetse m'kati mwenimweni."

"Eya, eya," ndinayankha. (Mawuwa ndawakumbukira pambuyo pake. Tsikulo makutu anali kutsidya kwa nyanja, kuthokoza anthu aja.)

Mwezi womwewo mwana wa mkulu wa kwaya ankakwatiwa, ndipo makolo anapempha nyimbo zakale za ukwati. Wozidziwa zonse anali mmodzi, a Zakaria, amene anaziphunzira ku Dedza atathawira kumeneko nthawi ya nkhondo. Ndinadzipereka kuzilemba. A Zakaria ankabwera kwathu ndi ndodo yawo, akuimba, akutsokomola, ine ndikugogoda ndi zala ziwiri. Komputadori sindinkaizimitsa, kuopa kuti ingafenso. Batire ya sola yonse inkathera komweko, ana akudandaula za wailesi.

Pa ensayo, tsiku loyeserera nyimbo, ndinainyamula ngati khanda. Anthu anaunjikana. Amayi ena ataona nyimbo imene inaimbidwa pa ukwati wawo anagwira pakamwa. Ine ndiye ndinayamba ulaliki: za anthu a mtima wabwino, za kupatsa kosayembekeza kanthu. (Ngakhale abambo mfumu sanalalikepo motentha chonchija.)

A Gervasio, oimba besi, anati, "Inetu kwathu ilikonso yakufa."

"Ndiye mukudikira chiyani? N'zaulere izi, amati tizigawana. Tengani!"

Ndinazula fulashi ija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ena anaomba m'manja.

Kamuvi kanaima. Kenako galasi linada, timalemba toyera tikutsika ngati nyerere. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Zii. Ndinalanda fulashi kwa a Gervasio, kubwezera, kuyatsanso. Inadzuka bwinobwino, yowala, yaulemu, koma yosandidziwa. Nyimbo ngakhale imodzi munalibe.

Ndinatuluka panja kukaimbira alamu.

"Munasungamo zinthu? Alamu, sindinanene?"

"Munanena."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati eya."

Anaseka mpaka foni inaduka. Nditabwerera m'kati ndinapeza a Zakaria atatsamira ndodo. "Mmero wanga si wailesi," anatero. "Ndiyambirenso?"

Fulashi ndinali nditapereka kale pagulu, sindikanailanda kachiwiri. A Gervasio anapita nayo. Iwo, munthu wofatsa, anawerenga zimene galasi linkafunsa: kuyesa chabe, kapena kulowetsa m'kati. Anasankha kulowetsa. M'mawa mwake yawo inali yamoyo, yoti uzimitse, uyatse, zako uzipeze.

Choncho nyimbo za ukwati zinalembedwa kunyumba kwa a Gervasio. A Zakaria anaimbanso (tinawanyengerera ndi tiyi wa mkaka), ine ntchito yanga inali yowathirira m'kapu. Ukwati unakoma, mkwatibwi analira, ndipo papepala la nyimbo panalembedwa dzina la a Gervasio.

Mpaka lero ndikayatsa yanga, imene alamu anadzaikonza pambuyo pake, ndimayamba ndadabwa kaye anthu aja anakonza Linuksi. Kugawa ndinagawadi monga iwo amafunira. Kungoti ndinagawa ndisanalandire.