Mbava Zosunga Nthawi

Lachisanu pa 13 Juni 2025, m'kabala kena pafupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe, Adamson anatsegula msonkhano wa mbava zitatu. Anzake ankamutcha Manijala, ngakhale kuti pa loji ina ya ku Nkwali, kumene anamuchotsa mu Malichi chifukwa chochedwa, ankangotsuka galimoto.

"Vuto lathu si mantha, anyamata, ndi dongosolo," anatero. "Mwezi watha iwe Kamba unabweretsa makwerero Lachitatu, ife titakudikira Lachiwiri. Tikufunika pulogalamu ya pafoni yogawa ntchito."

Jonah, Kambayo, anangopitiriza kumwa. Steward, wotchedwa Netiweki, anaonetsa mapulogalamu awiri. Yoyamba inali yolipira. Yachiwiri sinkatseguka kwawo ku Msoro.

"Zisiyeni izo, boyi," anatero Manijala. "Ndili ndi imene tinkagwiritsa ntchito kuloji. Ikadali m'foni, yaulere."

Analemba pompo: "Lachiwiri, 4 koloko masana, alendo akapita kukaona nyama. Kutenga mabatire a sola asanu ndi limodzi m'sitolo ya loji. Kamba: makwerero. Netiweki: njinga."

Foni inalira. Panatuluka mawu akuti ntchitoyo yavomerezedwa.

"Ba Manijala, wavomereza ndani?" anafunsa Kamba.

"Kompyuta, mudala. Yaona kuti pulani ndi yakupsa."

Lachiwiri pa 17 Juni, foni inawakumbutsa kawiri. Nthawi itakwana anali atalumpha kale mpanda, makwerero ali pomwepo. Pulogalamu inapempha chithunzi chotsimikiza kuti antchito afika. Atatuwo anaima pakhomo la sitolo, nadzijambula akumwetulira.

Chitseko chinali chosakiya. M'katimo munali mabatire onse, apolisi awiri atakhala pa makatoni a sopo, ndi mayi Ennie Banda, woyang'anira loji.

"Mwaswera bwanji, ba Adamson?" anatero mayiwo, akuonetsa foni yawo. "Mwaiwala kuti ntchito iliyonse yolembedwa umu imabwera kwa ine kuti ndivomereze? Dzina lanu tinaiwala kulifufuta."

Netiweki anayesa kuthawa, koma makwerero anali kunja kwa mpanda. Pulogalamu sinauze Kamba kuti awalowetse.

Apolisi akuwamanga, mayi Banda anaimbira mwini loji, amene kwa miyezi itatu ankafuna kusintha pulogalamuyo.

"Bwana, tisagule ina. Zaka zinayi Adamson anagwira ntchito pano osafikapo pa nthawi yake. Lero wafika 4 koloko yeniyeni."