Bambo Anga Ankanyambita Makoma

Kwathu kuno mukafunsa za mlonda wa nyumba yamiyala ija, munthu amayamba walavula kaye asanayankhe. Bambo anga amenewo! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, koma ankanyambita makoma ngati mbuzi.

Nyumbayo ndi yamakedzana, yotetezedwa ndi lamulo: msomali osakhoma, simenti osapaka. Makoma ake ndi ochindikala moti ukhoza kugonapo, timawindo tating'onoting'ono, mitanda yakudenga yodzaza mileme. Ndiye zitosi zake, abale inu! Zimachita kuyenderera mpaka pansi. Pomwepo mpamene bambo ankaika lilime.

"Mwala sunama," ankatero. "Ukamva mchere, chinyontho chalowa. Ukamva ngati choko, khoma lili moyo."

Alendo odzaona nyumba ankathawa asanakwere n'komwe kuchipinda cham'mwamba. Mzimayi wina anasanza pamasitepe, wokolopa ndine. Mayi anachita kuwapatulira bambo kapu yawoyawo.

Koma wovutika kwenikweni ndinali ine. Zaka zikupita, anzanga akubereka, ine mbeta. Mnyamata akangobwera kudzandifunsira, bambo ankamutengera pakona yakumunsi, pomwe ndere zinachita kubiriwira.

"Ukufuna mwana wanga? Lawa apa."

Mphunzitsi anathawa n'kusiya njinga. Telala anati akukataya madzi, mpaka lero sanabwerere.

Kenako kunabwera kalipentala wina wamanyazi. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana khoma, n'kutsinzina, lilime lonse pamwala.

"Wamva chiyani?" anafunsa bambo.

"Mchere, bambo."

"Mkamwini ndi ameneyu!"

Ndinakwatiwa ndithu, koma ndinkamuuza munthuyo atsuke m'kamwa ndi sopo asanandiyandikire.

Bambo anatisiya dzinja lathali. Nyumba yangoti zii. Alendo amajambula zithunzi n'kumapita, osanyansidwa, osasekanso. Bambo ndimawasowa, ine yemwe amene ndinkachita nawo manyazi.

Tsiku lina mvula itakata ndinapeza mwamuna wanga kuseri, lilime pakhoma, misozi ili mbwembwembwe.

"Nanunso mwayamba uve umenewu?"

"Amayi a mwana, mwala uwu wasuntha," anatero. "Ndikuyesetsa kuti ndimve, koma sindikumva kanthu. Tsiku lija ndinawanamiza bambo, ndinkangofuna inuyo basi. Ndiye lero tifunsa ndani?"

Ndinangomupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yanga.