Mphuno Yanga ndi Lipoti la a Chatepa

Amene adandilakwira ine ndi a Chatepa, manijala wa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mtunthama, chaka chimene kapitawo wathu adapuma ntchito. Wokayika aimirire ndimuone nkhope. Iwe Yohane, bisa manowo, unali usanabadwe.

Sukulu ndidalekera Sitandade 2. Mutu unalipo, koma bambo anga anali tenanti, ndipo tsiku lina adandidikira pakhomo la kalasi n'kunena kuti kuchigafa kwachepa manja. Kuyambira pamenepo ndidasoka fodya, kupachika, kusankha, kudinda, mpaka mphuno yangayi idadziwa zimene inu a mabuku simudzazidziwa. Ndinkati ndikanunkhiza tsamba limodzi ndinkatchula munda umene lachokera, mzere wake, amene adalithyola, ndiwo zimene adadya dzulo lake, ndiponso ngati mkazi wake ali woyembekezera. Nabanda, mkazi wa tenanti mnzathu, za mapasa ake adamva kwa ine, achipatala asanaone kanthu. Mukumva?

Ndiye malo a kapitawo atatseguka, matenanti onse adati ndi a Zuze, ndiye ineyo. A Chatepa adandiitanira muofesi n'kundipatsa fomu ndi cholembera. Ndidati, "Bwana, ndipatseni inki ya chala." Adaseka mpaka tayi kugwedera. "Iwe Zuze, kapitawo wodinda chala ngati akuvota? Kuno tikufuna wa setifiketi." Udindo adaupereka kwa mlamu wawo wa Folomu 4, munthu woti tsamba la fodya ankaligwira ndi zala ziwiri ngati thewera la mwana wa eni.

Fodya sadinda poyang'ana kalendala. Umapinda mtsempha wa pakati pa tsamba: ukathyoka, wauma, ukangopindika ngati luzi, muli madzi, dikira. Mlamu uja adaona papepala kuti lole ibwera Lachisanu, basi adalamula kuti tidinde yense, chikhalirecho mvula inali itavumba sabata yathunthu. Ndidati, "Akapitawo, fodyayu ngwamuwisi." Iye amvekere, "Zalembedwa pati?" Tsiku lomwelo adandichotsa kuchigafa n'kundituma kukadula mitengo ku Simlemba.

Lachinayi m'mawa, nkhwangwa ili m'manja ku Simlembako, mphuno idandikoka: fungo la fodya woyamba kuwola, wathu, belo lachitatu kuchokera kukhomo. Ndidaliyatsa liwiro, pali Mulungu kumwambaku, ndidapitirira minibasi ziwiri, kondakitala wina n'kundipempha kuti ndimunyamulireko anthu, ndipo nditafika ndidapeza mabelo atatentha m'kati mpaka malata a shedi afiira, nkhuku zimene zidakwera pamwamba pake zikuikira mazira owiritsa kale, amayi akukazinga mtedza paziguduli, agalu ataledzera ndi nthunzi akuyenda chambuyo, a Chatepa ali chilili pakhomo akudzikupiza ndi setifiketi ya mlamu wawo. Mukumva?

"A Zuze, tithandizeni bambo!" adatero a Chatepa. Mwamva? Tsopano ndasanduka a Zuze.

Ndidalowa ndekha, kung'amba ziguduli ndi mano, kuponya masamba m'mwamba, kenako ndidakoka mpweya kamodzi n'kuuzira, chinyezi chonse chidatulukira pazenera n'kusanduka mtambo umene udakagwetsa mvula ku Njombwa, anthu kumeneko adabzala chimanga kachiwiri chaka chimenecho, kawafunseni. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditasankhanso tsamba lililonse ndi mphuno yokha, maso ali chitsinzinire, n'kudindanso mabelo onse popanda jeke, kungowakhalira basi. Ku okushoni ogula adachita kutchayana zibakera polimbirana fodya ameneyo. Nsidze zanga zidapsa tsiku limenelo. Yandikira, Yohane, uone. Zidamera?

Mwini esiteti atabwera kudzafunsa amene adapulumutsa fodya, lipoti linali litalembedwa kale. A Chatepa adaliwerenga m'Chingerezi ine ndili pomwepo, ndikugwedeza mutu ngati ndikumva. Atatha adatulutsa inki ija adandiseka nayo, n'kunena mwaulemu kuti, "A Zuze, ikani chala apa." Ndidachiika ndi mtima wonse, kuyesa ukapitawo uja wafika. Patapita sabata mlonda wa pageti ndiye adandiuza kuti ndidachitira umboni woti wapulumutsa fodya ndi mlamu, ndipo wodinda wamuwisi ndi Zuze.

Mphuno yomva fungo kuchokera ku Simlemba idalephera kununkhiza pepala lili pansi pake penipeni. Chimenecho ndikuvomera. Adandichotsa ntchito, ndipo ukapitawo sindidaulawe mpaka imvi zino. Koma wodziwa fodya kundiposa ine m'Kasungu muno sadabadwe, ndipo amake sadabadwenso.

Chaka chotsatira mlamu uja adadindanso wamuwisi. Ine ndidamva fungo ndili pakhonde panga, ndidangotembenuza mpando. Fodya yense adabwezedwa ku okushoni. A Chatepa adachotsedwa ntchito. Pano ali ku Njombwa, ndi tenanti pamunda wa mwini golosale. Fodya wawo wa chaka chatha adawola.